Ndinalengeza Maliro a Munthu Wamoyo

1. Manja angawa

Ine Edwell Sakala ndayenda. Ndaimba ng'oma ku Lusaka, ku Harare ndi ku Joni. Ndege ndakwera kasanu ndi kawiri, ndipo kuli dziko lina lozizira kumene anthu ovala majekete anaimirira mvula ikuwavumba, kudikira kuti ndimalize. Zonsezi ndinazipeza ndi manja angawa, popanda wondikankha.

Koma mukafuna kudziwa tsiku limene ndinasonkhanitsa anthu ambiri m'kanthawi kochepa, musafunse za mizinda imeneyo. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinaitana midzi itatu, ndipo yonse inafika ola lisanathe. Panalibe kalata, panalibe wailesi. M'chigwa chonse cha Luangwa mulibe woimba wina amene anachitapo zotere, ndipo ndikupempha kuti asadzapezeke.

Munali mu Ogasiti chaka cha 1996, pa holide, ndili giredi naini.

Amayi anga ankagwira ntchito ku Chipata, choncho ine ndinkakhala ndi amalume anga, a Paskale Chulu, m'mudzi wa Chiwala chakufupi ndi Nsefu. Pafupi ndi nyumba yawo panali nyumba ina yaitali, ya mabango ndi udzu, imene tinkaitcha Nyumba ya Zoimbira. Alendo ankaitcha myuziyamu. Kwa zaka makumi awiri amalume anayenda m'midzi kutola zoimbira zimene anthu anazitaya atagula mawailesi a makaseti. Munali akalimba, abangwe, kaligo wa chingwe chimodzi, ulimba wa zikho kunsi kwake, maseche ndi ng'oma zamitundumitundu.

Chilimwe ndiyo nyengo ya alendo, chifukwa misewu imakhala itauma ndipo maloji a ku Mfuwe amadzaza. Lachiwiri ndi Lachinayi galimoto inkabweretsa alendo kudzazungulira m'nyumbamo. Loweruka kunkakhala chionetsero pabwalo, amayi akuvina chitelele, amalume ali pa ng'oma. Amalume sankadziwa Chizungu, ndiye womasulira ndinali ine. Ndinkamasulira bwino, nthawi zina kuposa zimene eni ake anena.

2. Ng'oma ya kudenga

M'nyumbamo munali ng'oma imodzi imene sinkakhala pansi. Inali yomangidwa kudenga, yokutidwa ndi mphasa. Tsiku limene ndinayamba ntchito amalume anandikhazika pansi pake penipeni.

"Edwell, tamvera kuno. Zili pansizi ndi zamasewera. Mlendo akafuna kugwira kalimba, mpatse. Akadula chingwe cha bangwe, tidzamanga china. Koma ili kudengayi si yanga ndipo si yako. Ndi ya midzi itatu, ine ndimangoisunga chifukwa muno mulibe chiswe. Imalira pokhapokha munthu akamwalira. Katatu pang'onopang'ono, n'kupuma, katatu, n'kupuma, kenaka kamodzi. Woimva safunsa kuti ndani. Wakumunda amasiya khasu, wakumtsinje amasiya ukonde m'madzi, mayi amasiya ndowa pachitsime. Amathamanga chifukwa chibadwire chawo ng'oma iyi sinawanamizepo. Mlendo akaloza, uziti amalume salola, basi. Usawonjezere Chizungu chako chija."

"Ndamva, amalume."

3. Lachinayi lija

Sabata yachitatu ya holide amalume anagwidwa ndi malungo. Lachiwiri m'mawa a Benard, mwamuna wa Susan mwana wawo, anawanyamula pa njinga kupita nawo ku kiliniki. Anali ofooka kwambiri moti tinachita kuwamangirira ndi chitenje kumsana kwa a Benard kuti asagwe. Midzi yonse ya m'njira inawaona akudutsa motero, mutu uli pendeke.

Nyumba ya Zoimbira inatsala m'manja mwanga.

Lachinayi cha m'ma fotini awazi, ndiye kuti 2 koloko masana, dzuwa lili nye, galimoto inafika ndi alendo asanu ndi mmodzi. Dalaivala anali a Silas, munthu wa ku Kitwe, wanthabwala koma wosadziwa za kwathu.

"Waswera bwanji, mfana? Mdala ali kuti?"

"Ali ku kiliniki, a Silas. Lero manija ndine."

"Manija wopanda nsapato. Chabwino, koma usawagoneke tulo alendo anga."

Sindinawagoneke tulo. Ndinaimba kalimba, ndinaliza kaligo mpaka mayi wina anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Pa ulimba ndinathamanga ngati ndili ndi manja anayi. Makamera ankangothwanima. Kenaka bambo wina wamtali, wandevu, wamphuno yopsa ndi dzuwa, analoza kudenga.

"Nanga icho n'chiyani?"

"Ndi ng'oma. Amalume salola."

A Silas anaseka. "Si iwe umati lero manija ndiwe?"

Wandevu uja anafunsa kuti imamveka mpaka kuti. Ndinati mpaka tsidya la mtsinje. Iye anayang'ana anzake n'kumwetulira ngati munthu amene akumvera bodza la mwana.

Ndinakoka mtondo, ndinakwerapo, ndinamasula zingwe, a Silas n'kulandira ng'omayo. Chikopa chinali chitalefuka chifukwa chokhalitsa. Ndinaitulutsa kuseli, ndinayatsa udzu, ndinayamba kuiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndikugogoda ndi chala kumvera mawu ake. Ntchito imeneyi inanditengera mphindi khumi. Ndikutchula zimenezi kuti musaganize kuti zinachitika mwangozi. Ndinali ndi mphindi khumi zoti ndisinthe maganizo.

Ndinailowetsanso m'nyumba. Ndinkati zipupa zitsekereza mawu. Zipupa za mabango.

"Uimbe mmene imaimbidwira zenizeni," anatero wandevu uja.

Ndinakweza ndodo. Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma. Kamodzi. Fumbi linagwa kuchokera ku udzu, akalimba onse anachita kunjenjemera pamene anapachikidwa. Alendo anaomba m'manja. Ndinabwereza. Anaombanso, ndinabwereza kachitatu.

Wandevu uja anapempha ndodo, anamenya kawiri mwachisawawa, kenaka anaima nazo pakhomo kuti mkazi wake amujambule. Anandigwira chanza, anati ndine katswiri. A Silas anandithandiza kubweza ng'oma kudenga, galimoto n'kunyamuka.

Fumbi lake lisanatsike, ndinamva mawu a mayi akulira chakumtsinje.

4. Midzi itatu

Oyamba kufika anali a m'mudzi mwathu. Kenaka njira zonse zinayamba kutulutsa anthu. Asodzi anafika mabuluku ali chonyowa mpaka m'chiuno. Amayi ena anafika thonje lili m'mutu, ena ana ali lende kumsana. Palibe amene anafunsa kuti wamwalira ndani, chifukwa onse anali atawaona amalume pa njinga ija. Ankaganiza kuti uthenga wachokera ku kiliniki.

Amayi anakhala pansi pakhomo pa amalume n'kuyamba maliro. Abambo anayamba kututa nkhuni. Ndinamva wina akufunsa kuti makasu okumbira manda ali kwa yani.

Ine ndinalowa mu Nyumba ya Zoimbira, ndinatseka chitseko, ndinagwada kuseli kwa ulimba n'kumasuzumira pampata wa mabango.

Susan anafika pomalizira, chifukwa dimba lake linali kutali, m'mbali mwa mtsinje. Anali ndi patapata mmodzi, phazi linalo likutuluka magazi. Atafika pakhomo la atate ake anadzigwetsa n'kuyamba kugubuduka m'fumbi.

"Atate anga ine, mwandisiyira yani? Bwenzi nditapita nanu, atate."

Kuchokera pamene ndinabisala kufika pamene anagwa panali mapazi makumi awiri okha. Ndikanatuluka n'kunena kuti palibe wamwalira. Sindinatuluke.

Patapita nthawi kunamveka belu la njinga. Anali a Benard, akupalasa pang'onopang'ono, ndipo pa keriya panali amalume, atagwira kapepala ka mapiritsi. Kulira kunaduka ngati wina watseka wailesi. Amayi awiri anadzuka n'kuthawira kuseli kwa nkhokwe.

Amalume anatsika, anayang'ana nkhuni, anayang'ana anthu, anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji nonse. Wamwalira ndani?"

Anthu anayang'anizana. Potsiriza anayankha ndi amayi Christine, amene ankatsogolera amayi ovina ndiponso komiti yoyang'anira Nyumba ya Zoimbira.

"Inuyo, a Chulu."

"Ine? Nthawi yanji?"

"Cha m'ma fifitini awazi."

"Nthawi imeneyo ndinali kumwa phala. Adokotala sanandiuze kanthu."

Ena anaseka, Susan anagwira miyendo ya atate ake n'kulira kuposa poyamba. Koma kuseka sikunakhalitse. Asodzi anakumbukira maukonde awo, ndipo mawu anayamba kukwera. Amayi Christine anati ana awo anaona mzungu wandevu ataima pakhomo ndi ndodo za ng'oma m'manja.

Pamenepo ndi pamene ndinatuluka.

"Edwell, ndi zoona? Mzungu anagwira ndodo?" anandifunsa amayi Christine.

"Inde, amayi. Anagwira."

Amayi Christine anamanga chitenje chawo mwamphamvu. "Mawa m'mawa komiti ikumane. Ngati alendo ayamba kusewera ndi maliro athu, galimoto ija isadzaimenso pano."

5. Chikopa chonunkha utsi

Anthu atabalalika, amalume anandiitana mu Nyumba ya Zoimbira. Anali akadali ofooka, moti anakhala pa mtondo uja n'kundiuza kuti nditsitse ng'oma. Anaika chikhatho pachikopa, anagogoda ndi chala, ananunkhiza.

"Mzungu wakoyo ndi wanzeru," anatero. "Amadziwa kuwamba ng'oma pamoto. Ndafunsa asodzi kuti inalira bwanji, akuti amadziwanso kupuma pakati. Anaphunzira kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ine sindikuulula. Ndikakuulula ine, anthu adzati Chulu wakalipira mphwake, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawa akatseka nyumba ino, atseke. Zoimbira zanga zinazolowera kale fumbi. Iwe uli ndi pakamwa, ndipo pakamwa pako ndi pabwino. Alendo amatero."

Dzuwa lisanalowe Susan anabwerera kuchokera kudimba, atanyamula phesi limodzi lothyoka. Analiponya pakhomo.

"Anyani adya, atate. Ndathamangira kuno, iwo n'kulowa. Chimanga chonse, chija ndimati ndikolola sabata ya mawa. Madengu anayi akanatuluka."

Kenaka anatembenukira kwa ine. Masiku onse msuweni wangayu ankanditcha mwamuna wake wachiwiri wopanda ndevu, n'kumandikoka makutu. Tsiku limenelo anandisisita kumutu.

"Usadandaule, msuweni. Unali wekha, ukanamletsa bwanji munthu wamkulu ngati uja? Ndikadzamuona ndidzamuzula ndevu zimenezo."

Chakudya chamadzulo sindinadye. Ndinati m'mimba mukundipweteka.

6. Pansi pa bwemba

M'mawa mwake komiti inakhala pansi pa mtengo wa bwemba, koma anthu anabwera ochuluka kuposa komiti. Asodzi analankhula, alimi a thonje analankhula. Onse ankanena chimodzi, kuti alendo saona malire, lero agwira ng'oma, mawa adzafuna kujambula manda. Amalume anakhala pambali, chipewa chili pamaondo. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Amayi Christine anaimirira. "Ndiye tagwirizana. Galimoto ikabwera mawa, tiibweza. Alipo wotsutsa?"

Ndinaimirira.

"Amayi, mzungu uja anangomenya kawiri, zopanda mutu. Amene anatsitsa ng'oma ndine. Ndinaiwamba ndine. Ndinaimba ndine, katatu konse."

"Anakukakamiza?"

"Iyayi. Ndinkafuna andione kuti ndimatha."

Anthu anayamba kung'ung'udza, koma Susan anakweza dzanja kuwaletsa. Anabwera pafupi nane akutsimphina.

"Pamene ndinkagubuduka paja, iwe unali kuti?"

"Kuseli kwa ulimba."

"Unkandiona?"

"Ndinkakuona."

Sanandimenye. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera kukakhala pansi. Ndaimapo pamaso pa anthu zikwi zambiri, koma sindinafunepo kuti nthaka indimeze ngati m'mawa umenewo.

Kenaka amalume anadzuka, atatsamira ndodo.

"Mwamva nonse, ndipo waulula yekha, ine sindinamukankhe. Tsopano, Edwell, imva iwe. Chimanga cha Susan chidzamera china. Maukonde adzawapeza. Chimene wathyola n'chovuta kumanga. Tsiku lina munthu adzamwaliradi, ng'oma idzalira, ndipo wakumunda adzaima n'kunena kuti dikirani kaye, mwina ndi mwana wa kwa Chulu akusangalatsa alendo. Mayi wofedwa adzakhala yekha ndi mtembo, akudikira anthu amene akufunsana kaye. Wachita zimenezo ndiwe, chifukwa cha anthu amene pofika Lamlungu adzakhala atakwera ndege ndipo dzina lako sadzalikumbukira. Mlendo timamuonetsa zathu, inde, ndipo timakondwa akaomba m'manja. Koma zina timasunga chifukwa timakhalira zomwezo. Woimba weniweni amadziwa ng'oma yoti asaigunde. Manja uli nawo, mphwanga, ndikuvomera. Nkhani ndi yakuti sunaphunzire kuwaika m'thumba."

Komiti inagamula motere. Nyumba ya Zoimbira sitsekedwa. Ng'oma ya maliro ichoke, ikasungidwe kwa amayi Christine. Ine ndiyende midzi yonse itatu, khomo ndi khomo, kukanena ndi pakamwa panga kuti sizidzachitikanso. Ndipo ndisadzagwire choimbira chilichonse, ngakhale maseche, mpaka chimanga cha Susan chitabwerera.

Loweruka galimoto inaima monga mwa masiku onse. Womasulira anali Everlyn, mtsikana wa m'kalasi mwathu. Ndinamumvera ndili panjira, ndowa ili m'manja. Ankamasulira zokhazo zimene amalume anena, ndipo alendo anaomba m'manja chimodzimodzi.

7. Kudimba

Midzi itatu ndinaiyenda masiku asanu. M'makomo ena ankandiseka, m'makomo ena ankanditseka chitseko ndisanamalize. Gogo wina anandipatsa madzi akumwa n'kundifunsa ngati ndingamudziwitse msanga tsiku la maliro ake kuti achapiretu zovala.

Kenaka ndinayamba ntchito m'dimba la Susan. Ndinazula mapesi, ndinagaula, ndinabzala kumayambiriro kwa Seputembala. Chakudimbako mtsinje unali utaphwa, choncho madzi ndinkatunga m'chitsime chimene ndinakumba mumchenga. M'mamawa ndinkathirira ndisanapite kusukulu, madzulo ndinkathiriranso. Dzuwa la Okutobala m'chigwa muno mumalidziwa. Manja aja ankathamanga pa ulimba anatuluka matuza, matuza n'kusanduka zikang'a.

Susan sanandilankhule mwezi wathunthu. Ankangoloza ndi chala pamene sipanalowe madzi.

Mayeso a giredi naini atatha mu Novembala, chimanga chinali chitabereka, ndipo ndinasamukira pa nsanja ya m'dimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anyani ndi ochenjera. Mmodzi amakhala patsogolo pako n'kumadzikanda, anzake akulowera kumbuyo. Ndinkawathamangitsa ndi legeni ndi mawu. Tsiku lina ndinatola chitini kuti ndiziwaopsezera, ndipo mosazindikira ndinayamba kuchiimba ndi timitengo.

"Chimenecho si choimbira?" anatero Susan kumbuyo kwanga.

Ndinachiponya pansi.

"Tola, chitsiru iwe. Anyani akuchiopa. Koma ukaimba katatu n'kupuma, ndikudula makutu."

Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kundinyoza, ndipo ndinadziwa kuti zinthu zayamba kukhala bwino.

Tinakolola mu Disembala, mitambo yamvula itayamba kusonkhana. Madengu atatu ndinali nditatula kale pakhomo pa Susan. Ndikudzaza lomaliza, a Benard anafika pa njinga.

"Edwell, apongozi akukufuna. Akuti ku Malama kuli nkhalamba ina ili ndi bangwe wakale kwambiri, ndipo yakana kumpereka kwa anthu atatu. Iwo miyendo siikuwalola. Akuti upite iwe, unyamuke mawa mitsinje isanadzaze. Njira yake ndi ya njovu, udziwiretu."

"Akuti ndikamugwire ndi manja anga?"

"Nanga ukamunyamula ndi mano?"

Ndinataya chimanga chinali m'manja n'kuyamba kuthamanga. Susan anandigwira kolala ya malaya.

"Ukupita kuti, mwamuna wanga wopanda ndevu? Dengu ili lidziyendera lokha?"

Ndinabwerera, ndinatola chimanga chija, ndinadzaza dengu mpaka kusefukira. Anandisenzetsa, ndipo tinayenda njira yonse iye ali pambuyo, akutola chimene chagwa n'kumabwezera pamwamba. Titafika ndinatula pafupi ndi ena aja. Susan anawazungulira, anakankha lililonse ndi phazi kuti amve kulemera, anapisa dzanja mpaka pansi kuona ngati sindinayalemo makoko.

"Limodzi, awiri, atatu, anayi," anatero. "Akwana. Pita kwa amalume ako, koma usambe kaye."